Joakina Pakati pa Makoma Awiri

Bwerani kuno nonse atatu, mukhale pamkeka apa pomwe maso anga akukuonani. Zione, usandiyang'ane cham'mbali choncho, ndakuona. Dalitso, tula njerwa imeneyo, unyamule Lonjezo umuike pamwendo pangapa. Amisiri a bambo anuwo akugumula khoma la kuchipinda, ndipo mpaka ligwe palibe mwana amene achoke pansi pa nimu uno. Mukuti ndine wovuta? Ndine wovuta ndithu, ndipo ndinayamba kalekale, inu musanalotedwe n'komwe. Ine ndikamva piki ikugunda khoma, mtima umandithamanga. Khalani chete ndikuuzeni kumene ndinatenga nthenda imeneyi.

Nyumba mukuionayi sinayambe chonchi. Pamene ndinkachoka kwathu kwa Chapananga kudzakwatiwa kuno kufupi ndi Chiromo, ndinapeza agogo anu aamuna a Zuze ali ndi nyumba ya mdindo. Mdindo simuudziwa inu ana a simenti. Ankatenga dothi lonyowa pang'ono, kulithira m'chikombole cha matabwa, n'kumalisinja ndi mtengo mpaka lilimbe, kenako kukweza chikombolecho, kuthiranso lina. Khoma lake linali lonenepa, lolemera, lozizira bwino m'kati, pamwamba udzu. Ine mwana wa kumtunda kouma, wozolowera mbuzi ndi mapira, ndinkaona ngati ndakwatiwa ndi bwana. Koma madzi a kuno sindinkawadziwa. Kwathu madzi tinkachita kufukula mumchenga ndi chikho, pamene kuno amakupeza okha uli pamphasa.

Chaka china Ruo anadzaza, n'kutsekereza Shire, Shire nayenso n'kubwerera m'midzi. Madzi anazinga mudzi wonse, anafika pakhonde pathu, ananyambita maziko n'kubwerera. Nyumba za anzathu a kumunsi zinasungunuka tikuona. Yathu inatsala chifukwa ili pa kachitunda aka, koma makoma anamwa madzi n'kuchita ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Chaka chimenecho tinadya nyika. Mumaidziwa nyika inu? Ndi mizu ya maluwa a m'dambo, yakuda kunja. Tinkaizula madzi ali m'chiuno, dzanja lili pansi, maso ali pa ng'ona. Inu mumakana phala ati mulibe shuga. Kaya mukanakhalako nthawi imeneyo mukanalira mpaka liti.

Madzi ataphwa, agogo anu anaima pakhomo, anayang'ana ming'alu ija n'kunena kuti, "Amake Manuwere, madzi saiwala khwawa. Abweranso amenewa. Timange ya njerwa zowotcha."

Vuto linali malo. Kachitunda aka n'kakang'ono, mukukaona nokha. Ukatsika pang'ono walowa m'njira ya madzi. Nyumba yatsopano inayenera kuima pomwe panali yakale, ndipo kugumula yakale kaye sitikanatha, nanga tikanakagona kuti ndi ana, udzudzu wa kuno uli chonchi? Ndiye tinachita mmene ankachitira anthu ambiri a kuno: kumanga nyumba yatsopano mozinga yakale, ife tili m'kati momwemo. Makoma atsopano akakwera, denga likakhomedwa, ndiye mumagumula yakale ija cham'kati n'kumatulutsa dothi pakhomo ndi madengu. Dalitso akuseka. Useke, koma nzeru imeneyo inasunga mabanja ambiri.

Titakolola, mwera utayamba kuwomba, tinayamba kuumba njerwa. Dzenje tinakumba kuseri uko kumene kuli nthochi tsopano. Ine kutunga madzi, agogo anu ndi ang'ono awo kuponda matope. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana awiri. Woyamba anali bambo anu aakulu a Manuwere, atangoyamba kumene sukulu. Wachiwiri anali azakhali anu a Joakina, amene tinkangoti Kina, ali kuyamwa, akuyenda chogwaigwa. Inde, azakhali anu onenepa aja ogulitsa nsomba ku Nsanje anali kamwana koti dzanja limodzi n'kukanyamula. Koma mwendo wake. Ukatembenuka kuti uvundule ndiwo, ubwerere, wapita. Njerwa zimene tinkayanika ankaziponda zisanaume, iye patsogolo mbuzi pambuyo, ndipo agogo anu ankangogwira mutu.

Mantha anga anayambira pa dzenje limenelo. Munkakhala madzi otsala, ndipo ine ndinkangoona Kina atagweramo chamutu. Ndinkamubereka kumsana mpaka khungu lake kutuluka timatuza ta thukuta. Titapanga uvuni n'kuyatsa moto, mantha anasamukira pa moto. Moto utazima, anasamukira pa milu ya njerwa, poti Manuwere ankakwera pamwamba n'kumanamizira kuyendetsa lole. Walira mvula walira matope, ana inu. Nyumba ndinkaifuna, koma tulo tabwino sindinagone chaka chimenecho.

Malata tinakagula ku boma ku Nsanje titagulitsa thonje. Tinakwera nawo sitima ya pamtunda, ija simunaikwerepo inu, mumangodziwa kupanikizana m'minibasi. Powoloka mlatho wa Chiromo ndinatseka maso, poti pansi pankaoneka madzi okhaokha. Titatsika, malatawo tinasenza pamutu, awiriawiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mphepo ikabwera inkakutembenuza nawo, ukapeza ukuyenda kubwerera komwe wachokera. Anthu m'njira ankaima kutiyang'ana, ndipo ndisakunamizeni, ndinkayenda monyada.

Mmisiri wathu anali a Fombe, munthu wamfupi wosalankhulalankhula. Anadula udzu wa m'mphepete mwa denga, anazula nsanamira za khonde, anakumba maziko kuzungulira nyumba. Potuluka tinkayenda pa thabwa. Makoma atayamba kukwera, kuwala kunayamba kutha. Ukatsegula zenera lakale unkangoona njerwa. Masana dzuwa lili pamutu ife tinkayatsa koloboyi, kanyale ka chitini kaja kotulutsa utsi wakuda. Ndiwo zinkalira mchenga m'mano. Zinkhanira zosokonezedwa m'denga zinkagwera pamphasa, moti chilichonse chovala mwana ndinkayamba ndachikutumula. Misomali inali mbwee pabwalo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkasesa chowerama, kutola umodziumodzi.

Koma chimene ndinkadana nacho kwambiri chinali kampata. Pakati pa khoma lakale ndi latsopano panatsala kampata kozungulira nyumba yonse. Nkhuku inkadutsa bwinobwino, mwana ankalowa, koma wamkulu mpaka aime cham'mbali, apane mpweya. Polowera pake panali pakhomo, uku ndi uku, pakati pa chitseko chakale ndi felemu yatsopano. Nkhuku zathu zinasiya chikwere n'kumakaikira mazira mmenemo. Tsiku lina Manuwere anatulukamo atanyamula chikhuluthu cha njoka, chikopa chimene inafundula, chachitali kuposa iye, akumwetulira ngati watola ndalama. Ndinamukwapula. Ndinatseka polowerapo ndi minga ndi mkeka wakutha. Koma amisiri ankachotsa kuti atole zida zawo zogwera mmenemo, ndipo kubwezera ankaiwala.

Tsopano mverani bwino, apa ndi pamene bambo anu akulowa m'nkhani. Njerwa zisanawotchedwe ndinazindikira kuti ndili ndi pakati, pa Petulo bambo anuwo. Ndinabisa, koma ungabise chiyani kwa apongozi? Apongozi anga, amayi a agogo anu, anabadwira kutsidya ku Mozambiki. Anali munthu wathupi, woyenda ndi ndodo chifukwa cha chiuno, ndipo akakwiya ankalankhula Chisena chokhachokha. Kanyumba kawo kanali apo pali khola la nkhunda. Tsiku lina anandiitana, anandiyang'ana pamimba n'kunena kuti, "Amake Manuwere, mwatumbiza mwana. Bere limenelo si lakenso. Mkaka wa munthu wapakati umadwalitsa woyamwayo, umafooketsanso wam'mimbayo. Asiye lero."

Ndinati, "Amayi, akadali wamng'ono. Tidikireko nyumba ithe."

Anati, "Nkhabe. Lero."

Masiku ano a kuchipatala amanena zina, ine sindilimbana nawo. Koma nthawi imeneyo mawu a apongozi anali lamulo, ndipo inenso ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Anasinja masamba a nimu, mtengo womwe mwakhala pansi pakewu, n'kundipaka. Zione, tathyola tsamba limodzi ulawe. Wakana? Wachenjera. Kina anabwera akuthamanga monga mwa masiku onse, anagwira bere, anayamwa kamodzi n'kulavula. Anandiyang'ana m'maso. Sanalire nthawi yomweyo, anangondiyang'ana, ndipo ine mtima unandipweteka kuposa tsiku limene ndinamubala. Kuyambira pamenepo ankagona kwa agogo ake.

Mwana uja anandikwiyira. Inu mumaganiza kuti kamwana sikasunga mkwiyo? Funsani azakhali anu, mpaka lero akakwiya amatha sabata. Ndikamuitana ankatembenuza nkhope. Ndikamupatsa mbatata ankakalandirira kwa agogo ake. Anayamba chizolowezi chokakhala yekha m'malo obisika, kuseri kwa mtondo, pansi pa nkhokwe, ndipo ukamuitana sankayankha. Unkachita kumupeza ndi maso.

Nyengo yotentha inafika, kutentha kwathu kuno kumene nkhuku zimayasamula kukamwa, mbuzi n'kumakanirira pamthunzi. Mitambo inayamba kuunjikana madzulo kumapiri a ku Thyolo, ndipo a Fombe anati tifulumire mvula isanatipeze. Anasasula udzu wonse, anakhoma malata pa makoma atsopano. Chinatsala ndi kugumula nyumba yakale. Katundu yense tinatulutsa, mitsuko, mphasa, mphero, bokosi la zovala, zonse pansi pa mtengo uno. A Fombe anati ayamba ndi khoma lakumbuyo, lalitali lija. Dzulo lake anathira madzi ambiri m'tsinde mwake kuti lifewe.

Kugwetsa khoma la mdindo kuli ndi njira yake. Amasema tsinde ndi piki cham'kati, kuyambira ngodya iyi mpaka iyo, kenako amakoleka chingwe pamwamba n'kukokera m'kati kuti lisagunde khoma latsopano. Koma a Fombe anatichenjeza kuti khoma likamagwa chamutu kutsogolo, tsinde lake limamenya theche kumbuyo. Zibuma zonse za pansi zimathamangira m'kampata muja. Ndinamva mawu amenewo ndi makutu angawa, ndinagwedeza mutu, n'kupita kukaphikira anthu antchito.

M'mawa umenewo Manuwere anapita kusukulu. M'nyumba munali a Fombe, anyamata awo awiri aganyu, ndi agogo anu. Piki inkamveka, du, du, du. Ine ndinali pamoto kuseri kwa khola la mbuzi, ndikudziwa kuti Kina ali kwa agogo ake. Apongozi anali pakhonde pawo akusankha nyemba, akudziwa kuti Kina ali kwa amake. Dzuwa litakwera ndinapita ndi phala lake.

Ndinati, "Amayi, mwana adye."

Anati, "Mwana uti? Si ali kwa inu?"

Mbale ija sindikudziwa kuti ndinaiika pati. Ndinayang'ana kuseri kwa mtondo, pansi pa nkhokwe, m'dzenje la njerwa, lomwe linali louma. Ndinaitana, zii. Mayi Esinati, oyandikana nafe, anabwera akupukuta manja, ndipo iwo ndi amene anatchula mawu amene tonse tinkawaopa. Anati, "Kodi sanatsatire amayi opita kudooko?"

Ana inu, kuno mwana akasowa palibe amayang'ana kwina. Miyendo imathamangira yokha kumadzi. Banja lililonse m'mudzi muno lili ndi dzina la munthu amene anapita kudooko osabwerera. Ndinalowetsa mutu pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a Manuwere, Kina kulibe." Anaponya piki pansi, anandidutsa osandifunsa kanthu. Mudzi wonse unatsatira, amayi, abambo, ngakhale apongozi ndi ndodo yawo. Ndinadutsa pakhomo pomwepo, pakati pa makoma awiri aja, ndipo sindinayang'ane kumanzere kapena kumanja.

Pakhomo panatsala a Fombe ndi anyamata awo. Zimene anakambirana anandiuza okha pambuyo pake. Khoma linali litasemedwa kale kupitirira theka, ndipo khoma lotero silisiyidwa, limatha kugwa lokha pa munthu. Ndiye a Fombe anati, "Tiligwetse pompano pabwalo palibe mwana, kenako tikathandize kufunafuna." Sanalakwe. Munthu aliyense wanzeru akanatero.

Kudooko tinapeza amayi akuchapa. Anati sanaone mwana. Koma mawu amenewo sanatitonthoze, poti ng'ona siitana mboni. Abambo anakankhira mabwato m'madzi, ena analowa m'bango ndi mikondo. Wina analoza pamatope pomwe panali mkwekwe wa chinthu cholemera chotsetserekera m'madzi, ndipo amayi ena anayamba kulira chapansipansi. Agogo anu analowa m'madzi mpaka m'chifuwa, akupapasa ndi mapazi, anthu akuwakoka kuti atuluke. Ine ndinangoima. Kulira kunakana. Ndinkangoti mumtima, Mulungu, mwana wanga wapita atandikwiyira.

Chimene chinandidzutsa ndi mapazi anga. Ndinali nditathamanga wopanda patapata, ndipo apo ndinaima ndinamva kuti akupsa. Njira ya kudooko mukuidziwa, mchenga wokhawokha wopanda mthunzi. Nthawi ngati imeneyo ngakhale galu amayenda modumphadumpha. Kina akaponda mchenga wotero ankaima pomwepo n'kukweza manja kuti umunyamule. Sakanafika ngakhale pa mlambe wa m'njira uja. Ndinadzifunsa kuti, mwana wothawa dzuwa, wofuna kukhala yekha, apita kuti? Pakhomo ponse malo ozizira anali amodzi, kumene nkhuku zinkathawira masana, kumene a Fombe anathira madzi dzulo lake.

Sindinauze munthu. Ndinagwira mimba ndi manja awiri n'kuyamba kuthamanga. Mimba inali itakula, bambo anu akundimenya m'nthiti, mpweya ukundithera. Ndili pa mlambe ndinamva piki, du, du. Ndili pa khola la ng'ombe la a Esinati piki inasiya, ndipo kusiya kumeneko kunandiopsa kuposa kulira kwake. Ndinamva a Fombe akuuza anyamata kuti agwire chingwe, akoke pamodzi.

Ndinagwera pakhomo ndi mawondo. Ndinati, "Siyani. Mwana ali kuseri kwa khoma."

Chingwe chinali chitakungika kale. Ngodya zonse ziwiri zinali zitang'ambika, khoma litaweramira m'kati pang'ono, dothi likuyoyoka. A Fombe anandiyang'ana, nkhope yawo inachita phulusa. Sanafunse kuti ndadziwa bwanji. Anataya chingwe, anathamangira pansi pa khoma lija n'kulitsamira ndi msana. Anyamata aja anatola mitengo yotsala ya denga n'kulichirikiza, kenako nawonso anaika mapewa. Anthu atatu pansi pa khoma loti likagwa liwaphwanya onse. A Fombe anati, "Mayi, sitiligwira nthawi yaitali. Musaligunde, musalitsamire."

Minga inali itakankhidwira pambali. Ndinalowa m'kampata ka m'mbali, cham'mbali, msana ku khoma lakale, mimba ku njerwa. Munali mdima, fungo la zitosi za nkhuku. Njerwa zinkandisupula khungu la pamimba, ndipo ndinkamva magazi akuyenderera, koma ndinkangosuntha phazi, kukoka linzake. Ndinafika pangodya. Apo khoma lakale linali lotupa, kampata kanachepa. Mutu unadutsa, phewa ndi dzanja limodzi zinadutsa. Mimba inakana. Bambo anuwo, Dalitso, anayamba kalekale kutsekereza anthu njira.

Ndikuseka lero, koma apo sindinaseke. Maso atazolowera mdima ndinamuona. Anali pakatikati pa khoma lakumbuyo, atakhala pa dothi lonyowa, miyendo atatambasula, akuumba timibulu ta matope n'kumatindandalika. Mng'alu wa m'tsinde unali pafupi ndi ntchafu yake. Dothi linkagwera pamutu pake, iye n'kumalisasa ngati ntchentche. Inu mukudziwa kuti anatuluka, poti mumadya nsomba zake. Ine pamenepo sindinkadziwa.

Ndinati, "Kina, bwera kwa amayi."

Anandiyang'ana, n'kutembenuza nkhope.

Ndinati, "Bwera mwana wanga, ndikupatsa mbatata. Ndikupatsa nzimbe."

Anapitiriza kuumba matope ake.

Anthu anali atabwerera kuchokera kudooko, ndinkamva mapazi ndi mawu kunja. Agogo anu analowa m'nyumba, anaika phewa pa khoma, ndipo ndi mantha awo anakuwa kuti, "Joakina, tuluka msanga." Mwana anadzidzimuka n'kukhwekhwerezekera kutali, cha ku ngodya inayo, kumene a Fombe anali atatsekako ndi njerwa zosweka. Wina kunja anati aboole khoma latsopano ndi hamala. A Fombe anayankha ndi mawu ofinyika kuti mukagunda kamodzi kokha latsika. Wina anati alowe mwana wocheperako akamukoke. Ndi mayi uti akanapereka wake? Inenso sindikanapempha.

Khoma linalira. Simunamvepo khoma likulira inu, ndipo musadzamve. Limachita ngati munthu akukukuta mano. Chibuma china chinagwa pakati pa ine ndi mwana. Ndinamva mmodzi wa anyamata aja akubuula kuti msana wake watha. Kumbuyo kwanga, polowera paja, ndinamva ndodo ya apongozi ndi kupuma kwawo. Thupi lawo silikanalowa, anangolowetsa mutu, ndipo ankandiona bwinobwino.

Ndinalibe china chomupatsa. Ndi dzanja lotsala kumbuyo lija ndinakoka bulauzi mpaka mabatani anaduka, ndinadzipotokola, ndinatulutsa bere kuti alione. Ndinkadziwa kuti apongozi akuona. Ndinkakhulupirira kuti ndikudwalitsa ana awiri nthawi imodzi. Koma wodwala umamufunira mankhwala, wophwanyika ndi khoma umamufunira chiyani?

Ndinati, "Kina, bwera udzayamwe."

Manja ake anasiya matope. Anayang'ana bere, anayang'ana nkhope yanga. Anati, "Kuwawa."

Ndinati, "Sikuwawa. Taona." Ndinaligwira ndi chala, ndinaika chalacho m'kamwa mwanga, ndinamwetulira. Kaya kunali kumwetulira kotani.

Anaganiza. Ha, mwana ameneyu anaganiza ngati mkulu woweruza mlandu, pamene amuna anayi akuthyoka misana. Kenako anagwada n'kuyamba kukwawa. Anafika pa chibuma chija, anaima, anachikwera pang'onopang'ono. Ndinafuna kukuwa kuti fulumira, koma ndinaluma lilime, poti ndikanakuwa akanabwerera. Anasendera, anasenderanso, anatambasula dzanja lake lamatope kuti agwire bere. Ndinamugwira pamkono. Ndinamugwira moti zala zanga zinasiya zizindikiro mpaka sabata inatha.

Ndinamukoka kudutsa pangodya, iye akulira kuti ndamunamiza. Kubwerera kunali kovuta kuposa kulowa, mwana m'dzanja limodzi, mimba ikukhulika pa njerwa. Nditayandikira pakhomo ndinamva dzanja la apongozi likundigwira chitenje n'kundikoka ngati akukoka mbuzi m'chitsime. Tinagwera pabwalo tonse atatu. Wina anauza a m'nyumba kuti watuluka. Anyamata aja anatuluka choyamba, kenako agogo anu, pomaliza a Fombe, akuthamanga chowerama. Mitengo ija inagwira kanthawi kochepa, n'kuthyoka.

Nthaka inagwedezeka pansi pa matako anga. Fumbi linatuluka pakhomo ndi m'mazenera, linatikuta tonse, nkhuku zinabalalika. Litachepa, agogo anu anatenga koloboyi n'kukasuzumira. Anabwerako n'kukhala pa mtondo, manja ali lende. Ine ndinakaona mawa lake. Pomwe panali timibulu ta matope paja panali zibuma zofika m'chiuno mwanga, china chachikulu kuposa mphero.

Koma pa nthawiyo sindinadzuke. Ndinakhala pomwe ndinagwera, fumbi m'tsitsi, magazi pamimba, bulauzi yong'ambika. Kina anali akulirabe, akundimenya pachifuwa ndi tizibakera take. Ndinali nditamulonjeza. Ndinamuika pabere pamaso pa mudzi wonse. Mkaka munalibe, unali utauma kalekale, koma anayamwa ndithu, akusisima, dzanja lake lamatope litagwira khutu langa. Apo ndi pamene misozi yanga inabwera.

Amayi anatizungulira, ndipo ndinaona ena akuyang'anana. Mayi Esinati anawerama pafupi ndi apongozi n'kunong'ona, koma ndinamva. Anati, "Nanga bereli, munthu ali ndi pakati? Simumuletsa?"

Apongozi anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, ndodo ili kutali. Anatenga kaphazi ka Kina m'manja mwawo, n'kumachotsa matope pakati pa zala ndi nsonga ya chitenje chawo. Sanadzutse mutu. Anati, "Zimenezo tikamba mawa."

Ndinakhala nawo zaka zambiri pakhomo pano amayi aja, ana inu. Tinakangana za mchere, za nkhuku, za maina a ana, za chilichonse. Koma za bere lija, mpaka tsiku limene tinakawaika, sanazitchulenso.